Tabwerera M'nyumba Zathu, Koma Msonkho Sukutisiya

Nyumba zambiri za lendi pano pa Wimbe zinamangidwa ndi fodya. Mabelo akagulidwa ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, msonkho umakhala utadulidwa kale pa seloshiti, ndipo zotsalazo ndi zimene tinagulira malata ndi simenti. Tinalowetsamo aphunzitsi, azaumoyo ndi ogula soya, kuti tizipezako ya mchere fodya akatha.

Pano ambiri tikulowamo tokha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi ya pamwezi inasiya kukwana ngakhale thumba limodzi la feteleza, alendi ena n'kumachita kuthawa usiku ndi ngongole ya miyezi. Ana nawo abwerako ku Joni ndi mabanja awo. Agone kuti?

Apa ndiye pali mutu ukulu. Lamulo limati ndalama ya lendi ndi phindu, iyenera kudulidwa msonkho ku MRA. Chabwino, sitikukana. Koma ena mwa ife amene tinabwereketsa nyumba ku mabungwe kapena makampani a fodya tinalembetsa nambala ya msonkho ya TPIN, iwo n'kumadula msonkho asanatipatse lendi. Lero mlendi wachoka, mukugonamo ndi inu eni ake, koma dzina likadali m'kaundula wa MRA. Akuti mukanene nokha kuti bizinesi inatha, apo ayi muzioneka ngati mukubisa ndalama. Kukanenako n'kutali, thiransipoti yake ya kabaza ndi minibasi, pamsewu wafumbi womwe msonkhowo sunaukonze.

Chinanso chotiwawa ndi ichi. Nyumba ili pa lendi, ndalama yokonzera denga kapena kupaka penti imachotsedwa powerengera msonkho. Mukangolowamo, mwayiwo watha. Chonsecho amene anaswa mawindo ndi kudetsa makoma ndi utsi wa mbaula ndi alendi aja! Iwo awononge, ife tikonze ndi ya m'thumba chifukwa choti tsopano ndi pakhomo pathu.

Odziwa malamulo amatitonthoza kuti munthu akagulitsa nyumba imene amakhalamo, phindu lake silidulidwa msonkho. Nanga ya zipinda zinayi, ziwiri tikugonamo, chimodzi muli mlendi, china tasungamo mabelo, imeneyi aitcha chiyani? Ndipo umboni woti tinalowamo liti tiutenga kuti, poti kuno pangano la lendi timachita pakamwa, mboni ndi anyakwawa basi?