MUSATIPHERE *211# CHIFUKWA CHA ZITHUNZI ZANUZO

Abale anga, anyamata olemba mapulogalamu a kompyuta ali ndi mkangano wawo. Ena amakonda sikirini ya zilembo zokhazokha, yongotayipapo. Ena amati ayi, tikufuna ya zithunzi, yongodina. Si za lero izi. Makina a IBM otchedwa AS/400 anatuluka mu 1988, ndipo mpaka pano alipo akatswiri okakamira sikirini yake ya zilembo zobiriwira, ngakhale IBM inasiya kuwonjezera zatsopano pa chida chawo cholembera, SEU, mu 2008. Amati n'chachangu, zala sizichoka pa kiyibodi.

Mu ofesi mwanu ku Lilongwe kaya ku Blantyre, sankhani chimene mwakonda, palibe akuletseni. Koma nafe tili ndi sikirini yathu ya zilembo: *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba, *626# ya National Bank. Mukayamba kuiseka kuti ndi yachikale, eti tsobola wakale sawawa, aliyense angotsitsa app, apo ndiye tiyambana.

Tafikani kuno kumwera kwa Mzimba muone. Mayi wogulitsa tomato pa Jenda, agogo a ku Edingeni kapena ku Luwerezi amene mwana wawo ali ku Joni, ambiri ali ndi kafoni ka mabatani. Manambala aja, USSD, safuna bandulo, safuna intaneti. Netiweki yoyimbira foni ikangogwira, ndalama yapita. Kafoniko ukatchaja kamodzi kamatha masiku.

Nanga app? Gula foni yodula. Gula bandulo. Batire ikatha, lipira kotchajitsa. Kenako kwera chulu kusaka netiweki. Zonsezi kuti ulandire ndalama ya feteleza yomwe mwana wako wakhetsera thukuta ku Johannesburg? Ayi aise.

Manambalawa ali ndi vuto lawo, inde. Ukachedwa pang'ono amaduka, uyambirenso. Ndiye konzani pamenepo! Chepetsani masitepe. Mawu ake akhale a Chitumbuka ndi Chichewa chomveka, agogo asamapereke PIN kwa mwana wa neba kuti awawerengere.

App pangani ndithu, a pa Boma aigwiritsa. Koma musanatame chida chanu, kwerani basi mukachiyese ku Khosolo, osati pa Wi-Fi ya mu ofesi. Chikakagwira kumeneko, ndiye mwaphunziradi.

Muli ndi m'bale wolemba mapulogalamu? Mutumizireni uthengawu.