Posankha Pulogalamu ya Misonkhano, Yambani Mwafunsa Wakunthambi

Chifikireni mliri wa Covid-19 m'dziko muno mu Epulo 2020, eni mabizinesi amene kale sankadziwa msonkhano wina koma wopatsana moni wa m'manja ndi kukhala pa tebulo limodzi, anaphunzira mosafuna kukambirana ntchito akuonana pa kompyuta ndi pa foni; ndipo ngakhale mliriwo unapita, mwambowo unatsala. Sizinachitike kuno kokha, pakuti kampani ya Zoom inanena kuti olowa m'misonkhano yake tsiku lililonse anachoka pa 10 miliyoni mu Disembala 2019 kufika pa 300 miliyoni mu Epulo 2020. Lero tsono mwini sitolo wa ku Limbe amene ali ndi nthambi ku Karonga ndi ku Mchinji akufunsa: ndilipire Zoom kodi, kapena Teams, kapena Google Meet?

Kuganiza kwanga n'kwakuti funsoli amaliyankha munthu wosayenera kuliyankha. Kawirikawiri wosankha ndi bwana, amene amakhala mu ofesi yokhala ndi intaneti yamphamvu ndi jenereta yodzuka yokha magetsi akathima, ndipo iye akaona nkhope zikuwala bwino pa kompyuta yake, amatsimikiza kuti wapeza chabwino. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Woyenera kufunsidwa poyamba ndiye kalaliki wa kunthambi yakutali, amene foni yake ndi yakale, amene bandulo ya Airtel kapena TNM amagula ndi ndalama ya m'thumba mwake, amenenso amaimirira pakhonde kusaka netiweki pamene anzake akulamulirana za ntchito yake. Pakuti msonkhano umene mmodzi sanaumve sunachitike kwa iye, ndipo mawa adzadzudzulidwa chifukwa cha mawu amene sanafike m'khutu mwake. Amene akukumbukira mdima umene unagwa Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, sadzati ndikukulitsa nkhani.

Chifukwa chake, chinthu choyamba kuchiyesa ndicho mmene pulogalamu imachitira netiweki ikafooka: ngati imathimitsa kanema n'kusunga mawu, ngati imalola munthu kubwerera msanga akaduka, ngatinso imayenda pa foni yotchipa osaitenthetsa. Malangizo a Zoom eni ake amasonyeza kuti mawu okha amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a intaneti imene kanema amafuna. Motero bwana woumiriza kuti aliyense ayatse kamera, pofuna kuona ngati antchito ake avala tayi, akuwadyera ufa wa ana awo osadziwa.

Za mtengo sindichulukitsa mawu, koma wowerengera ndalama asaiwale kuti mapulogalamuwa amalipiridwa m'madola, munthu aliyense mwezi ndi mwezi, ndipo kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuwonjezera pa vuto la kupeza madolawo kubanki. Bizinesi imene ikulipira kale Microsoft 365 kapena Google Workspace iyambe yaona zimene zili m'nkhokwe yake isanapite kukagula zina. Zaulere ziliponso: Zoom imadula msonkhano pakatha mphindi 40, ndipo Google Meet imalola gulu kufika pa ola limodzi. Ena amadandaula nawo malire amenewa, koma ine, pokumbukira kuti misonkhano yathu imayamba ndi pemphero, malonje ndi kupepesa kwa ochedwa, ndimaona kuti wotchi yosaopa nkhope ya wapampando ili ndi ubwino wake.

Tisanamizanenso ayi: ofesi yeniyeni ya mabizinesi ambiri a kuno ndi gulu la WhatsApp, ndipo sindikuliderera, popeza aliyense amalidziwa, limalola anthu 32 kuimbirana pamodzi, ndiponso uthenga wa mawu umadikira mwini wake kufikira netiweki itabwera. Koma pamenepa m'pamene pagona nkhani yaikulu imene ambiri saiganizira kufikira tsiku la tsoka. Gululo limamangidwa pa nambala za anthu, si pa dzina la kampani. Ndipo tsiku limene woyang'anira malonda adzakangana ndi bwana wake n'kuchoka, adzapita ndi mitengo, malisiti, mayina a makasitomala ndi mapangano onse m'thumba mwake, popanda wina wokhoza kumulanda. Chimodzimodzinso foni ikabedwa m'minibasi. Chimene Teams, Slack ndi zinzake zimagulitsa makamaka, kuposa kanema, ndicho mphamvu yakuti kampani ikhale mwini makiyi, itsegulire wolembedwa ntchito lero ndi kutsekera wochotsedwa dzulo, zolembedwa zonse zili m'malo mwake. Ndipo popeza dziko lathu tsopano lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, wosunga manambala a makasitomala m'mafoni a antchito ayenera kulingalira kawiri.

Ngakhale mapulogalamu a makampani akuluakuluwo sali okhalitsa monga tiganizira. Skype, imene Microsoft inagula ndi madola 8.5 biliyoni mu 2011, imenenso ambiri a ife tinayankhulirapo koyamba ndi abale a ku Johannesburg ndi ku London, inatsekedwa mu Meyi 2025. Ndipo Slack yaulere imabisa mauthenga opitirira masiku 90. Asanasaine, mwini bizinesi afunse wogulitsayo kuti adzatulutsa bwanji mafayilo ake tsiku lofuna kusamuka, pakuti safunsa anadya phula.

Ndikadakhala ine mwini sitolo wa ku Limbe uja, ndikadatenga mapulogalamu awiri okha, n'kuwayesa mwezi wathunthu m'nyengo ya dzinja, pamene mvula imasokoneza magetsi ndi netiweki. Ndikadalipira ndekha mabandulo a onse, ndi kupempha wa ku Karonga kuti alembe kangati anaduka ndi ndalama zingati zinapita pa msonkhano uliwonse. Akaunti ndikadaitsegula m'dzina la kampani, makiyi ake n'kusungitsa kwa anthu awiri.