Nyimbo yopanda chitonthozo ya The Cure yatsutsa nzeru za amalonda

Pamene gulu loimba nyimbo za rock la ku England, The Cure, linatulutsa nyimbo ya Alone pa 26 Sepitembala 2024, panali patadutsa zaka 16 lisanatulutse nyimbo yatsopano. Gululi linabwera ndi nyimbo ya chisoni, yokamba za mapeto a zinthu zonse ndi kusungulumwa kwa munthu amene okondedwa ake atha, ndipo alibe koyang'ana.

Kapangidwe ka nyimboyi kakusemphana ndi zomwe amalonda a nyimbo amalimbikitsa masiku ano. M'nyengo ino ya TikTok, oimba ambiri amafupikitsa nyimbo ndi kuthamangira kolasi kuti omvera asasunthe chala. Alone imatenga pafupifupi mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo mawu a woimba samveka mpaka patadutsa mphindi zitatu. Womvera amakakamizika kudikira, monga mmene anthu amakhalira chete pasiwa.

Chisonichi chili ndi gwero lake. Mtsogoleri wa gululi, Robert Smith, yemwe anabadwa mu 1959, anataya mayi ake, bambo ake komanso mkulu wake m'zaka zomwe chimbale cha Songs of a Lost World chinkakonzedwa. Nyimbo ina ya m'chimbalechi, I Can Never Say Goodbye, ndi yolira mkulu wakeyo. Smith wakhala akunena poyera kuti sakhulupirira za chipembedzo, choncho m'nyimbo zake mulibe lonjezo loti omwalira tidzaonana nawo. Kwa womvera wokhulupirira Mulungu, apa ndi pamene nyimboyi imalemera kwambiri: imafunsa funso la imfa n'kulisiya lopanda yankho.

Komabe anthu anailandira. Chimbalechi chitatuluka pa 1 Novembala 2024, chinafika pa nambala 1 ku Britain, zomwe gululi linali lisanachitenso kuyambira mu 1992 ndi chimbale cha Wish.

Kupambanaku kukusonyeza kuti pali anthu ochuluka amene atopa ndi kuuzidwa kuti alimbe mtima misozi isanaume. Akufuna woimba amene angavomereze kuti ululu wawo ndi weniweni. Nkhawa ndi yakuti nyimbo yotere ikhoza kumiza munthu amene ali kale pakati pa matenda a maganizo, makamaka akamaimvera payekha usiku. The Cure inasankha njira ina: kuyambira mu 2022 inkatsegulira nayo makonsati ake, kotero kuti nyimbo yonena za kukhala wekha inkamveredwa ndi anthu zikwizikwi ali pamodzi.