Kugula akatswiri kapena kulera ako: ndalama za timu zipite kuti?

Ligi ikangotha, nkhani imene imatenga malo m'nyumba zoonetsera mpira pa Lizulu m'boma la Ntcheu ndi ya msika wa osewera: ndani wapita kuti ndipo amugula ndi ndalama zingati. Masapota a Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers amafuna kumva kuti timu yawo yakoka dzina lalikulu. Akuluakulu a timu akapanda kugula, amanenedwa kuti ngoumira kapena alibe chikondi ndi timuyo.

Mkangano womwewu ulinso m'matimu a m'midzi ndi m'misika. Kukabwera chikho cha phungu kapena bonanza, wamalonda amene wapeza bwino ndi mbatata ya kachewere kapena kabichi amalowa m'thumba kuti timu ya kwawo isachite manyazi. Funso limakhala loti: ndalamazo abwerekere osewera aganyu awiri atatu ochokera kutali, kapena agulire mipira, nsapato ndi yunifomu anyamata amene amasewera chaka chonse?

Mbiri ya mpira wamiyendo m'dziko muno ili ndi yankho. Katswiri wogula amapindulitsa timu imene ili kale ndi maziko. Timu yopanda maziko imasangalala chaka chimodzi n'kulira zaka zambiri.

Phunziro la Bakili Bullets

Mu 2003, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Bakili Muluzi, adayamba kuthandiza Big Bullets ndipo timuyo idasintha dzina kukhala Bakili Bullets. Ndalama zidalipo, osewera abwino adali pamodzi, ndipo mphunzitsi adali Kinnah Phiri. Mu 2004 Maule adatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa mu mpikisano wa CAF Champions League n'kufika m'ndime ya magulu, momwe adakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Enyimba ndiyo idatenga chikho chaka chimenecho, kusonyeza kuti Bullets inkalimbana ndi matimu apamwamba zedi mu Africa.

Palibe angatsutse kuti ndalama zidagwira ntchito. Vuto lidali lakuti zonse zinkachokera m'thumba limodzi. Thandizolo litatha, osewera odalirika monga Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi Robert Ng'ambi adakasewera kunja, ndipo timu idatsala ikudalira zopempha ndi ndalama za pakhomo. Bullets, yomwe idatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana kuyambira 1999 mpaka 2005, idadikira mpaka 2014 kuti iitengenso.

Maina a matimu akuluakulu akufotokoza okha za matendawa. Bullets idakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets ndi Bakili Bullets isadakhale Nyasa Big Bullets. Wanderers idakhalapo Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers ndi Be Forward Wanderers. Awa adapulumuka chifukwa ali ndi masapota m'dziko lonse. Ena sadachite mwayi wotere. MDC United idazilala kampani yake itasiya kuithandiza, ndipo Escom United, yomwe idatenga ligi mu 2007, idatsatira njira yomweyo patapita zaka zochepa. Timu imene ili ndi osewera a malipiro okwera koma gwero la ndalama ndi limodzi, imagwa tsiku lomwe gwerolo lauma.

Njira ziwiri za ku Blantyre

Matimu awiri a mumzinda wa Blantyre adaonetsa njira ziwiri zosiyana m'zaka zotsatira.

Wanderers, ndi thandizo la kampani ya Be Forward ya ku Japan yogulitsa galimoto, idasonkhanitsa osewera odziwika kale monga Joseph Kamwendo ndi Peter Wadabwa, n'kuwonjezerapo ena abwino ochokera m'matimu ena a m'dziko muno. Mu 2017 Manoma adatenga ligi, koyamba kuchokera mu 2006. Masapota a pa Lali Lubani adavina, ndipo kudali koyenera. Koma chaka chotsatira timuyo idatuluka m'ndime yoyamba ya CAF Champions League itagonja kwa AS Vita ya ku Democratic Republic of Congo, ndipo ligi ya kuno idaithawa kwa zaka zingapo.

Bullets, itakhala m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing, idaika mphamvu pa timu yake yachiwiri, Bullets Reserves. Anyamata monga Charles Petro, Chimwemwe Idana, Hassan Kajoke, Patrick Mwaungulu ndi Lanjesi Nkhoma adadutsira kumeneko asadavale yunifomu ya timu yaikulu. Pansi pa mphunzitsi wa ku Zimbabwe, Kalisto Pasuwa, Maule adatenga ligi kasanu motsatizana pakati pa 2018 ndi 2023. Mu 2022 ndime yotsiriza ya chikho cha FDH Bank idali pakati pa Bullets yaikulu ndi ana ake omwe a Reserves. Mu 2023 timuyi idasesa zikho zinayi: ligi, FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge.

Sikuti Bullets idasiyiratu kugula. Inkagulabe, koma wogulidwayo ankabwera kudzatseka mpata umene udalipo, pomwe msana wa timu udali wa anyamata oleredwa pakhomo. Phindu lina lidaoneka pogulitsa: Petro adapita ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova, ndipo mu 2024 Mwaungulu ndi Nkhoma adapita ku Lubumbashi m'dziko la Congo. Mwana wolera wekha amakupatsa zigoli ali pakhomo, n'kukusiyiranso ndalama pochoka. Katswiri wogula ali ndi zaka 30 amangotenga malipiro, ndipo akatopa palibe womugula.

Komabe ndalama sizinyozeka. Silver Strikers, yomwe mwini wake ndi banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, idatenga ligi mu 2024 pansi pa Peter Mponda itadikira kuyambira 2013. Timuyi ili ndi mwayi umene matimu ambiri alibe: mwini wokhazikika ndi bwalo lakelake ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe. Timu yotere ikagula katswiri imadziwa kumene malipiro ake a mwezi wamawa achokere.

Zimene zidachitika ku America ndi ku England

Mkangano umenewu udatchuka kwambiri m'masewero a baseball, omenya kampira ndi chibonga, omwe amakondedwa ku America ndi ku Japan. Mu 2002 timu ya Oakland Athletics inkalipira osewera ake onse pafupifupi madola 40 miliyoni pachaka, pomwe New York Yankees inkalipira madola oposa 120 miliyoni. Yankees idali itangowalanda katswiri wawo Jason Giambi. Mkulu wa Oakland, Billy Beane, sadafunefune dzina lina lalikulu. Adaunika ziwerengero za osewera otchipa omwe matimu ena ankawanyoza, n'kupeza angapo amene pamodzi akadagwira ntchito ya munthu mmodzi uja. Chaka chimenecho Oakland idapambana masewero 103, chimodzimodzi ndi Yankees, kuphatikizapo 20 otsatizana. Nkhaniyi idalembedwa m'buku la Moneyball la Michael Lewis mu 2003.

Koma Oakland sidatenge chikho chachikulu chaka chimenecho. Ndipo mu December 2023, timu yolemera ya Los Angeles Dodgers idasainitsa Shohei Ohtani wa ku Japan mgwirizano wa madola 700 miliyoni pa zaka 10, n'kutenga chikho mu 2024. Apa phunziro ndi lakuti wolemera akagula mwanzeru amapambana kawirikawiri. Wosauka akayesa kupikisana naye pa mtengo amangodzipweteka. Mwayi wake uli pa kuona luso limene wolemera sadalione.

Okonda ligi ya ku England akukumbukira Leicester City ya 2016. Jamie Vardy adamugula ndi mapaundi 1 miliyoni kuchokera ku Fleetwood Town, timu ya m'munsi kwambiri. Riyad Mahrez adachokera ku Le Havre ya ku France pa mtengo wosafika mapaundi theka la miliyoni. N'Golo Kante adagulidwa ndi mapaundi osafika 6 miliyoni, ndipo patatha chaka chimodzi Chelsea idamugula ndi oposa 30 miliyoni. Leicester idalipira anthu odziwa kufufuza osewera, ndipo ndalama imeneyo ndiyo idabweza kwambiri.

Chitsanzo chapafupi

Kwa anthu a pa Lizulu, chitsanzo chili pamtunda pompano. Dedza Dynamos idalowa mu ligi yaikulu mu 2022 ilibe thumba lofanana ndi la matimu a m'mizinda. Idatulutsa omwetsa zigoli awiri amene matimu akuluakulu adawathamangira: Clement Nyondo adapita ku Wanderers, ndipo Promise Kamwendo adamutsatira mu 2024.

Masapota amamva kuwawa katswiri wawo akatengedwa pakati pa ligi, koma kwa timu yaing'ono kugulitsa ndi mbali ya moyo. Chofunika n'kuti ndalama yogulitsira isathere pa katswiri wina wodula, koma ilipire amene atsala ndi kukonzekeretsa wolowa m'malo. Mlimi wa kachewere amene wagulitsa zonse osasunga mbewu amakagula mbewu yodula chaka chamawa, ndipo mwina sikhalanso yabwino ngati yake ija.

Palinso nkhani ya kwacha. Ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mafuta a galimoto, nsapato za mpira ndi malo ogona paulendo zonse zidakwera. Timu imene idalonjeza malipiro aakulu poganiza kuti zinthu zikhala chimodzimodzi idapezeka ikusankha pakati pa kulipira katswiri mmodzi ndi kubwereka basi yopita ku Karonga.

Ndalama iyambe kuti?

Poona zonsezi, ndondomeko yake ndi yoonekeratu, kaya timu ili mu ligi yaikulu kaya imasewera pabwalo la sukulu ya pulayimale.

Choyamba ndi kulipira amene alipo kale, panthawi yake. Palibe chimene chimapha timu msanga ngati anyamata khumi kusewera ndi njala pomwe mlendo mmodzi walandira yakeyake asadamenye n'komwe mpira. Mayendedwe, chakudya ndi chithandizo cha wovulala zili m'gulu lomweli. Mnyamata wothyoka mwendo n'kusiyidwa kuti makolo ake aone chochita amaphunzitsa anzake onse kuti asamadzipereke.

Chachiwiri ndi mphunzitsi wodziwa ntchito ndi timu ya achisodzera. M'mera m'poyamba. Mipira ingapo ndi mphunzitsi wa ana a zaka 12 mpaka 17 zimadya ndalama yochepa kuyerekeza ndi katswiri mmodzi, koma zimabala osewera chaka ndi chaka.

Katswiri abwere pachitatu, ndipo abwere pamalo pamene timu ikuvutikadi. Ngati timu imagoletsa koma imachinyitsa, ikufunika goloboyi kapena wotchinga kumbuyo, ngakhale masapota akuimba dzina la womwetsa zigoli. Wachikulire apatsidwe mgwirizano waufupi, wachinyamata wautali, kuti timu idzapezepo kanthu akamachoka. Ndipo malipiro onse pamodzi asapose ndalama imene timu ingapeze ngakhale bwana wothandiza atachoka mawa.

Pa zikho za m'madera, aganyu amabweretsa vuto linanso. Amasewera Loweruka, n'kulandira zawo, Lamulungu ali ku timu ina. Mnyamata wa pamudzi amene adafikitsa timu m'ndime yotsiriza amaonera pabenchi, ndipo chaka chotsatira sabweranso ku zokonzekera. Timu ikadandaulidwa kuti idaseweretsa munthu wosalembetsa, ngakhale chikhocho chikhoza kulandidwa.

Mbali ya makolo

Nkhaniyi ikukhudzanso mabanja amene ali ndi mwana waluso, wamwamuna kaya wamkazi. Tabitha ndi Temwa Chawinga adachokera ku Rumphi, kutali ndi mabwalo akuluakulu, ndipo mu 2024 Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America. Luso la kumudzi likhoza kufika patali, koma limafuna mapepala olongosoka.

Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina mgwirizano wake usadathe, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu amene adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Timu ya pa Lizulu ikhoza kulandirako gawo limeneli pokhapokha ngati ili yolembetsedwa m'ndondomeko za bungwe la Football Association of Malawi, FAM, ndipo mwanayo adalembedwa m'kaundula. Timu yongosewera mabonanza popanda mapepala imalera katswiri n'kudyeredwa ndi ena.

Malamulo omwewo amaletsa kusamutsira kunja mwana wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa zodziwika, ndipo salola kuti mwana wa msinkhu umenewu asaine mgwirizano woposa zaka zitatu. Kholo likamva munthu akulonjeza kutengera mwana wa Fomu 2 ku Johannesburg kapena ku Ulaya, bola banja lipereke ndalama ya tikiti, liyambe lafunsa ku FAM. Mwana akamasaina ndi timu iliyonse, pakhale wachikulire wowerenga zonse, banja lisunge kope lake, ndipo sukulu isalekezedwe panjira chifukwa mpira umatha munthu akadali ndi zaka zambiri zoti adye.

Posankha timu, makolo afunse mafunso atatu: kodi osewera amalandira panthawi yake, kodi wovulala amasamalidwa ndi ndani, ndipo ndi anyamata angati a m'timu yachiwiri amene adakwezedwa chaka chatha? Timu imene ikulephera kuyankha mafunso amenewa koma ikudzitama ndi dzina limene yagula kumene, si malo abwino osungitsako mwana.