Keke ya nyanja yophikidwa pa mbaula



Mwezi wathawu mwana wanga wotsiriza anakwanitsa zaka 10. Ndinali nditamulonjeza kuti tsiku limenelo tidzapita ku Senga Bay, ku Salima, kuti akaone nyanja ndi maso ake. Inu amene mumadalira malipiro a uphunzitsi mukudziwa kale mmene nkhaniyi inathera: ndalama ya ulendo inapita ku fizi ya mkulu wake. Mwanayo sanalire. Anangoti, "Adadi, ndiye mundigulire keke ya nyanja," n'kundionetsa chithunzi pa foni ya amayi ake. Nditafunsa kwa mayi wina wophika makeke m'tauni muno, mtengo umene anatchula unandikhalitsa pansi. Sindikuwanena mayiwo, chifukwa mazira, shuga ndi majarini zinakwera, ndiponso luso lawo ndi loyenera kulipiridwa. Koma thumba langa linakana, choncho ndinaganiza zophika ndekha.

Kunyumba kwathu kulibe uvuni. Amene anandipulumutsa ndi mnzathu wophunzitsa Home Economics. Anandilembera muyeso wosavuta kukumbukira: magalamu 250 a majarini, 250 a shuga, 250 a ufa wa tirigu, mazira 4, masupuni aang'ono 2 a baking powder ndi mkaka pang'ono. Mumayamba mwatakasa majarini ndi shuga mpaka ziyere ndi kufewa, kenako mazira limodzilimodzi, ufa pomaliza. Za uvuni anati ndisadandaule. Mumathira mchenga wouma, wosefa, m'sefuliya yaikulu, kuya kwake ngati zala zitatu. Mumautenthetsa pa mbaula, n'kukhazika chitini cha keke pamchengapo, kuvundikira, kenako kuika makala ochepa pamwamba pa chivundikiro. Mchengawo umagawa kutentha kuti moto usalume keke malo amodzi.

Keke yoyamba inandichititsa manyazi. Makala a pansi ndinawachulutsa, komanso mtima unkandithamanga, ndiye ndinkangovundukula kuti ndione. Pansi panapserera, pakati panalowa ngati chigwa. Yachiwiri tinachepetsa moto, ndipo tinalumbira kuti palibe wokhudza chivundikiro mpaka patadutsa mphindi 40. Titabaya mpeni pakati unatuluka wouma.

Kukongoletsa ndi kumene kunasonkhanitsa banja lonse. Tinasakaniza icing sugar ndi majarini, theka lake n'kudonthezamo utoto wa chakudya wobiriwira ngati thambo. Amenewo anali madzi. Mchenga wa pagombe tinaupeza posinja mabisiketi a Marie ndi botolo. Pa chithunzi chija panali maambulera ndi zigoba za kunyanja ya mchere, koma mkulu wake anakana. Anati nyanja yathu ili ndi mabwato ndi usipa. Anasema bwato kuchokera ku mbatata yophika, mtedza wokazinga unasanduka miyala, ndipo timitengo ta machesi tinasanduka thandala, njere za mpunga zili usipa woyanika. Bwatolo linapendekeka ndipo madzi analowerera kumtunda, koma mwini tsiku sanalole kuti aliyense adule mpaka anzake onse ataona.

Lolemba ndinanyamula chidutswa kupita nacho ku staff room. Mnzathu wina anadya, n'kunyambita zala, kenako anati, "Achimwene, dipuloma yonse ija mwakathera kukhitchini?" Tonse tinaseka. Koma mawu amenewa andikhala pamtima, ndipo ndi amene andichititsa kulemba.

Kuseka kumeneku timakupititsa kwa ana. Ikafika nthawi yosankha maphunziro mu Fomu 3, wanzeru timamukankhira ku Physics ndi Chemistry, ndipo Home Economics timaisiyira amene tawaweruza kale kuti ndi ofooka. Mnyamata akaifuna, anzake amamunyodola ife tikuonerera. Ine ndemwe ndinakhalapo mphunzitsi wa kalasi amene anabweza mwana wakhama pa phunziroli, ndikuganiza kuti ndikumuchitira zabwino. Lero ndikuona kuti ndinalakwitsa.

Taonani zimene mwana wa zaka 10 anaphunzira masana amodzi. Pa keke yachiwiri mazira anatsala 3 okha, choncho zonse zinayenera kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mkulu wake, amene amadana ndi ratio, anawerengetsa yekha popanda womuopseza. Mwana atafunsa chimene chimatupitsa keke, tinakambirana za mpweya wa carbon dioxide umene baking powder amatulutsa akanyowa ndi kutenthedwa, ndi chifukwa chake keke imagwa mukavundukula isanalimbe. Poika miyala ya mtedza ija ndinawauza za Cape Maclear, za nsomba za mbuna zimene zimakhala m'miyala, ndi za Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa UNESCO mu 1984. Zimenezi ndakhala ndikuzilemba pa bolodi kwa zaka zambiri, ndipo sindinafunsidwepo mafunso ochuluka ngati tsiku limenelo.

Ena mwa inu munena kuti sukulu zathu zambiri zilibe uvuni, ndipo ufa ndi mazira a kalasi yonse si ndalama yochepa. Ndi zoona, ndipo sindikunena kuti mphunzitsi azitulutsa za m'thumba mwake. Koma mbaula, sefuliya ndi mchenga zilipo paliponse, ndipo gulu la ana 10 likhoza kuphunzira pa keke imodzi. Ena munena kuti mwana wofuna udokotala kapena uinjiniya amafunika sayansi. Nazonso ndi zoona. Amene ali ndi mtima wa sayansi apite ku sayansi. Chimene ndikukana ndi kunyoza winayo. Si onse olemba MSCE amene amapeza malo ku yunivesite, ndipo pakati pa inu ana anga akale ndikudziwa angapo amene lero akulipira lendi ndi fizi ndi makeke a maukwati ndi zinkhoswe. Luso limenelo ambiri munakaliphunzira kwina mutachoka m'manja mwathu, pamene tikanatha kukuyambitsani ife.

Pempho langa ndi laling'ono. Mwana akabwera teremu ikubwerayi kuti akufuna Home Economics, mtsikana kapena mnyamata, timufunse chifukwa chake tisanamubweze. Ndipo mnzathu wophunzitsa phunziroli timupatse ulemu wofanana ndi wa ku labotale.

Za ulendo wa ku Senga Bay, ngongole ikadalipo. Mwana wandikumbutsa kale kuti keke ija sinafafanize lonjezo, ndipo tayamba kuponya ndalama m'chitini chomwe tinaphikira.