ZA M'BANJA LA CHIKRISTU: Usiku wa Monica Woyera pa Dooko

Mwezi wa August, pa tsiku la 27, Eklezia akumbukira Monica woyera, ndipo m'mawa mwake akumbukira mwana wake Augustine. Tifuna kucheza makamaka ndi inu amai ndi abambo amene mwana wanu adaleka Misa ndi masakramenti, inu amene mwampempherera zaka zambiri osaona kanthu, kufikira mwayamba kunena mumtima kuti Mulungu sakumva.

Monica adali mkazi wa ku Thagaste, m'dziko limene lero litchedwa Algeria. Mwamuna wake Patricius adali wachikunja ndi wa mtima wapachala, ndipo adabatizidwa ali pafupi kufa. M'chaka cha 354 Monica adabala Augustine, mwana wanzeru koma wosamva. Atapita ku Carthage kukaphunzira, mnyamatayo adakhala ndi mkazi popanda ukwati, nalowanso mpatuko wa otsata Mani, nakhalamo zaka 9. Poyamba amai ake adamkaniza kudya nao m'nyumba, koma pambuyo pake adamlandiranso. Adakadandaulira episkopi wina kuti atsutsane naye. Episkopiyo adakana, poona kuti mnyamatayo adali asanakhwime kumva choona, nawauza kuti angompempherera.

M'chaka cha 383 Augustine adafuna kuoloka nyanja kunka ku Roma. Monica adamtsata kufikira ku dooko kuti amletse. Mwanayo adawanamiza kuti angofuna kutsazika bwenzi lake, nawasiya m'kachalichi ka Cyprian woyera pafupi ndi gombe. Usiku umenewo mai uja adalira, napempha chinthu chimodzi, kuti Mulungu asalole mwana wake kuchoka. Kutacha, ngalawa palibe, mwana palibe.

Taganizani, akristu, mtima wa mai ameneyo m'mawa muja. Kodi sakadayesa kuti pemphero lake lapita pachabe? Koma taonani ntchito ya Mulungu. Ngalawa yomweyo imene Monica adaiopa ndiyo idatengera Augustine ku Italy. M'chaka cha 384 adachoka ku Roma napita ku Milan, kumene kudali episkopi Ambrose woyera. Adayamba kumva ulaliki wake pofuna kungoyesa luso lake la kulankhula, koma mau adalowa pang'onopang'ono monga mvula ya mawawa. Monica adaoloka nyanja namtsata komweko, ndipo usiku wa Paska m'chaka cha 387 Ambrose adabatiza Augustine, ali ndi zaka 32. Mulungu adamana Monica chimene adapempha usiku umodzi, kuti ampatse chimene adapempha moyo wake wonse.

Chaka chomwecho Monica adamwalira pa Ostia, ali pa ulendo wobwerera kwao. Sadaone mwana wake akulandira unsembe m'chaka cha 391, sadamuone ali episkopi wa ku Hippo, sadadziwe kuti Eklezia yense adzamutcha mphunzitsi wake. Adaona chiyambi chokha, nakhutira nacho.

Tsono inu amene muli ndi mabvuto onga amenewa, musataye mtima. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha; koma kudekha kwa mkristu sikukhala manja lende ai. Tchulani dzina la mwanayo m'mapemphero a madzulo pamodzi ndi abale ake. Mpempherereni korona, mperekereni Misa. Akabwera kudzacheza, mpatseni mpando ndi nsima, osamlandira ndi mau olasa. Ndipo pomlangiza nenani zoona mofatsa, kamodzi, osati tsiku lonse. Musamuikire Mulungu tsiku, pakuti sitidziwa njira imene afuna kudzera. Kapena ulendo umene ukulizani lero ndiwo udzafikitsa mwana wanu kwa Ambrose wake. Ena mwa inu mudzaona kubwerera kwake ndi maso anu. Ena mudzatsikira kuli chete musanakuone. Onse awiri pemphero lanu lili m'manja mwa Iye amene saiwala.

Monica woyera, mutipempherere ife ndi ana athu.