Msonkho wodulidwa mopyola muyeso ndi ndalama zathu, atibwezere popanda kutizunguza

Alimi anzathu, nyengo yogulitsa zokolola ikatha pamakhala nkhani imodzi yomwe makomiti a makampani ndi makopaletivi a alimi amaikamba monong'ona, ngati kuti ndi yochititsa manyazi. Nkhaniyi ndi ya ndalama zomwe ogula mbewu amadula pa malipiro athu ponena kuti ndi msonkho wa boma. Ambiri a ife tidazolowera kuona ndalamazi zitachotsedwa pa lisiti ndipo timangoti zapita. Lero tikufuna tinene mosapsatira mawu kuti gawo lina la ndalamazi likadali lathu, ndipo pokalitenga sitiyenera kufunsidwa umboni womwe uli m'manja mwa anthu ena.

Lamulo la msonkho la dziko lino, Taxation Act, pa gawo 102A, limalamula amene akulipira mnzake pa malonda ena kuti adule kaye msonkho asanapereke ndalamazo. Msonkho umenewu pachingerezi amautcha withholding tax. Wodulayo amakhala ngati mtumiki wa boma, kotero kuti ayenera kukapereka ndalamazo ku bungwe la Malawi Revenue Authority, MRA, pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwezi watha, komanso kupereka chiphaso kwa yemwe wamudula. Kwa kampani yomwe imapereka fomu ya msonkho chaka ndi chaka, ndalama yodulidwayi kawirikawiri imakhala yongoperekeratu. Msonkho weniweni umadziwika chaka chikatha, pamene mabuku atsekedwa, ndipo umawerengeredwa pa phindu osati pa ndalama zonse zomwe zidalowa.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti kampani ya alimi yasonkhanitsa soya ndi mtedza kwa mamembala ake n'kugulitsa zonse pa mtengo wa K200 miliyoni m'chaka chimodzi. Tiyerekezenso kuti ogula amadula K3 pa K100 iliyonse. Ndiye kuti ndalama zodulidwa zakwana K6 miliyoni. Koma kampaniyo yalipira mamembala ake pa mbewu zawo, yagula matumba, yalipira magalimoto, lendi ya nyumba yosungiramo katundu, alonda ndi makalaliki, ndipo zonsezi zadya K190 miliyoni. Phindu lotsala ndi K10 miliyoni. Msonkho wa makampani a m'dziko muno ndi K30 pa K100 iliyonse ya phindu, choncho msonkho woyenera ndi K3 miliyoni basi. Boma lasunga K6 miliyoni pamene gawo lake ndi K3 miliyoni. K3 miliyoni yotsalayo ndi ya alimi.

Masamu amenewa akutiuza chinthu china chomwe ambiri sachiona. Pa mlingo wa K3 pa K100, kampani iliyonse yomwe phindu lake silifika K10 pa K100 ya malonda imakhala itadulidwa mopyola muyeso, osati mwangozi koma chaka chilichonse. Nanga ndi makampani angati a alimi omwe amapeza phindu lotere, chikhalirecho cholinga chawo ndi kupereka mtengo wabwino kwa membala? Chaka cha chilala kapena cha kugwa kwa mitengo, pamene kampani yaluza, K6 miliyoni yonseyo imayenera kubwerera. Apa ndiye kuti amene akuyenda movutika ndi amenenso akubwereketsa boma ndalama zambiri.

Umboni womwe tikuvomera kupereka

Ife sitikupempha kuti boma lizitulutsa ndalama kwa aliyense wongofika n'kunena kuti adadulidwa. Chuma cha boma ndi chathu tomwe, ndipo wofuna kubwezeredwa ayenera kusonyeza umboni. Pali zinthu zitatu zomwe tikuona kuti ndi zachilungamo.

Choyamba, kampani isonyeze kuti idapereka fomu yake ya msonkho ya pachaka m'nthawi yake, yomwe ndi masiku 180 kuchokera pamene chaka chake cha zachuma chatha, ndiponso kuti yalemba kalata yopempha kubwezeredwa kapena kuti ndalamazo ziwerengeredwe ku msonkho wina womwe ikuyenera kulipira.

Chachiwiri, isonyeze kuti malonda omwe adadulidwa msonkhowo adalembedwa m'mabuku ndi pa fomuyo. Sizingatheke kuitanitsa K6 miliyoni yodulidwa pa malonda a K200 miliyoni pamene pa fomu mwalemba kuti mudagulitsa za K120 miliyoni. Wochita zotere akudzikumbira yekha dzenje.

Chachitatu, isonyeze kuti msonkhowo udadulidwadi, pobweretsa ziphaso zochokera kwa ogula zosonyeza dzina ndi nambala ya TPIN ya wogula, dzina ndi TPIN ya kampani, tsiku, ndalama zonse za malondawo ndi ndalama zomwe zidadulidwa.

Zitatuzi kampani ingathe kuzikwanitsa kamba koti zonse zimadutsa m'manja mwake. Ikazikwanitsa, mlandu wake uyenera kuthera pomwepo.

Umboni womwe sitingauvomere

Vuto limayambira pa chiphaso. Mamembala athu akhala akutidandaulira za ogula omwe amadula msonkho tsiku lomwelo lolipira, koma chiphaso amati mubwere sabata yamawa. Sabata imasanduka mwezi, mwezi n'kusanduka chaka. Msungichuma wa kampani amakwera minibasi kupita ku tawuni katatu kapena kanayi, n'kumauzidwa kuti wosayina watuluka, mwina kuti kompyuta yavuta. Ena amapereka chiphaso chomwe TPIN yake ndi yolakwika, kapena cholembedwa dzina la wapampando m'malo mwa dzina la kampani. Enanso msika ukatha amatseka geti, foni osayankhanso.

Tifunse mosabisa: wogula amene akukana kupereka chiphaso akubisa chiyani? Ngati ndalamazo adakapereka kuboma, kulemba kapepala kamodzi sikungamuvute. Ngati sadakapereke, ndiye kuti wabera anthu awiri nthawi imodzi, mlimi ndi boma, ndipo wagwiritsa ntchito dzina la lamulo pobapo.

N'chifukwa chake tikukana ganizo lililonse loti kampani ya alimi izisonyezanso kuti wogula adakaperekadi ndalamazo ku MRA isanabwezeredwe zake. Ife sitidasankhe wogula kuti akhale wotolera msonkho, lidamusankha ndi lamulo. Tilibe mphamvu yolowa mu ofesi yake n'kutsegula mabuku ake, ndipo sitingaitanitse sitetimenti yake ya kubanki. Amene ali ndi mphamvu zimenezo ndi boma, ndipo lamulo lomwelo limaika mlandu ndi chindapusa pa wodula amene walephera udindo wake. Mfumu ikatuma nyakwawa kukatolera chimanga, nyakwawayo n'kudya chimangacho panjira, sibwereranso kwa anthu kukawauza kuti sadapereke. Imagwira nyakwawa yake. Boma nalo lithamangitse mtumiki wake, mlimi amusiye.

Kuchedwetsa ndi kulanda komwe

Pali ena omwe amati palibe chodandaulitsa chifukwa ndalamazo zidzabwerabe, mlandu suola. Zoona mlandu suola, koma kwacha imaola. Mu May 2022 ndalama yathu idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi ya ku America. K3 miliyoni ya m'chitsanzo chathu chija inali yokwana madola pafupifupi 2,540 tsiku limodzi, m'mawa mwake n'kukhala madola 1,760. Feteleza, mankhwala a mbewu ndi mafuta a galimoto zonse timagula kunja, kotero kuti ndalama yobwera mochedwa imagula matumba ochepa kuposa omwe ikadagula pa nthawi yake.

Ulimi suyembekeza munthu. Ndalama yomwe ikufunika mu April ndi May pogula mbewu kwa mamembala ikafika mu December yaphonya ntchito yake. Kampani imakakamizika kukatenga ngongole ku banki pa chiwongoladzanja chokwera, pamene ndalama zake zomwe zili kuboma sizikubereka kanthu. Ikalephera kupeza ngongoleyo, membala yemwe akufuna fizi ya mwana amatengera soya wake kwa venda. Vendayo salemba lisiti, sadula msonkho, ndipo sikelo yake tonse tikuidziwa. Pamapeto pake mlimi waberedwa, kampani yafooka, ndipo boma silidapate ngakhale tambala. Ndondomeko yomwe ikulanga amene adalembetsa ndi kusunga mabuku, n'kusiya amene akuchita malonda mumdima, ikudula nthambi yomwe yakhalira.

Tikachedwa kulipira msonkho timalipitsidwa chindapusa ndi chiwongoladzanja, ndipo masiku amawerengedwa mosaphonya. Muyeso womwewo ugwirenso ntchito pamene wangongole ndi boma.

Yankho lathu kwa otitsutsa

Akuluakulu ena anena kuti kudula msonkho pogula ndi njira yokhayo yofikira anthu ambiri omwe sakadalipira konse. Tikuvomera, ndipo sitikuti msonkhowu uthe. Tikuti amene wasonyeza mabuku ake asamaikidwe m'gulu limodzi ndi amene alibe mabuku.

Ena anena kuti pali akathyali omwe amapanga ziphaso zabodza, choncho kufufuza kuyenera kutenga nthawi. Akathyaliwo agwidwe ndipo aimbidwe mlandu. Koma kutsimikiza chiphaso lero sikufanana ndi mchaka cha 2000, pamene MRA inkayamba ntchito ndipo zambiri zinali m'mafayilo a mapepala. Lero kuli Msonkho Online, njira ya pa intaneti yoperekera mafomu ndi kulipira misonkho, ndipo wogula ndi wogulitsa aliyense ali ndi nambala yake. Kuyerekeza zomwe wogula adalemba ndi zomwe kampani ikuitanitsa ndi ntchito ya masiku, osati ya nyengo ziwiri za dzinja.

Enanso atikumbutsa kuti pali chiphaso chomwe MRA imapereka kwa okhulupirika pa msonkho kuti asamadulidwe pogulitsa. Chiphasochi ndi chabwino ndipo tikulimbikitsa makampani athu kuchifunsira. Koma zofunika kuti munthu achipeze n'zosavuta kwa kampani yaikulu yomwe ili ndi maakauntanti olembedwa ntchito, kusiyana ndi kampani ya alimi yomwe mlembi wake amagwira ntchito mongodzipereka. Njira yothawira vutoli isakhale yotsegukira okhawo omwe ali kale ndi mphamvu.

Tisese kaye m'nyumba mwathu

Tisanaloze chala ena tivomere kuti nafenso tili ndi zofooka. Makampani ena a alimi alibe TPIN, ena sapereka fomu ya pachaka poganiza kuti popeza adadulidwa kale ndiye kuti nkhani idatha. Ena amasunga ziphaso m'jumbo kudenga mpaka chiswe ndi mvula zitaziwononga. Komiti yakale ikachoka imapita ndi mafayilo kunyumba. Zikatere palibe amene angatimenyere nkhondo.

Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musachoke kwa wogula ndi lonjezo, chokani ndi chiphaso. Musanasayine mgwirizano wa malonda, onetsetsani kuti mwalembedwa kuti chiphaso chidzaperekedwa limodzi ndi malipiro. Mukachilandira werengani dzina, TPIN ndi ndalama musanatuluke pakhomo. Pa malonda aliwonse mangani pamodzi invoisi, tikiti ya pasikelo, umboni wa kubanki ndi chiphaso, ndipo jambulitsani makope awiri osungidwa malo osiyana. Mlembi akhale ndi kaundula wa ziphaso zonse, ndipo mwezi uliwonse afananize ndi buku la malonda. Mukapereka kalata yoitanitsa ndalama, kope yanu idindidwe tsiku lomwe yalandiridwa. Ngati pempho lakanidwa, funsani kuti zifukwa zake zilembedwe, chifukwa popanda kalata simungachite apilo. Malamulo a mchaka cha 2021, Tax Administration Act ndi Revenue Appeals Tribunal Act, adakonzedwa kuti alongosole kayendetsedwe ka misonkho ndi njira zodandaulira, choncho atsogoleri athu awadziwe. Milingo ya msonkho imasinthanso malinga ndi bajeti ya boma, ndiye funsani mlingo wa chaka chino musanayambe msika. Safunsa adadya phula.

Zomwe tikufuna

Kwa a MRA, nduna ya zachuma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, mfundo zathu ndi izi:

1. Wogula aliyense wodula msonkho azipereka chiphaso tsiku lomwe akulipira, ndipo wokana kapena wochedwetsa azilandira chilango chooneka.

2. Kampani yomwe yabweretsa umboni utatu uja ibwezeredwe ndalama zake. Ngati wogula sadakapereke zomwe adadula, mlanduwo ukhale pakati pa iye ndi boma.

3. Pamene wogula wakana kupereka chiphaso kapena wasowa, umboni wina monga mgwirizano wa malonda, invoisi ndi sitetimenti ya kubanki yosonyeza kuti ndalama zidabwera zoperewera uzilandiridwa.

4. Nthawi yobwezera ndalama idziwike kwa aliyense ndipo izisungidwa. Ikadutsa, chiwongoladzanja chiziwerengeredwa monga momwe chimawerengeredwa kwa ife.

5. Njira yopezera chiphaso choti asamadulidwe msonkho ifewetsedwe kwa makampani ndi makopaletivi a alimi omwe amapereka mafomu awo mokhulupirika.

6. Ndondomeko yonse yoitanitsira ndalamazi ilembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo ipezeke m'maofesi a zaulimi m'maboma onse.

Kwa inu apampando, alembi ndi asungichuma, ntchito iyambe pa msonkhano wa komiti ukubwerawu. Tsegulani mafayilo, werengani zonse zomwe mudadulidwa, lembani mayina a ogula omwe sadakupatseni ziphaso, ndipo mubweretse ndandandawo ku ofesi ya bungwe lathu ya m'boma mwanu. Kampani imodzi ikalankhula yokha amaiuza kuti ibwere mawa, koma tikapita tonse ndi mapepala m'manja adzatipatsa mpando. Msonkho wa boma tipereka wonse, koma zotsalazo zibwerere kwa amene adagwira khasu.